Kansalu Koyera pa Mkono wa Njiwa

Udzu wa m'mphepete mwa bwalo la perete unapezeka utagona malo amodzi okha. Woyamba kuona anali Kopolo woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, m'mawa akupita kukatsegula. Inali nyengo yozizira, yopanda mvula, fumbi likulowa mpaka m'mano, koma pamalo pamenepo panali ponyowa, ndipo udzu unaphwanyika motalika ngati pagona munthu wamkulu chafufumimba. Pankaoneka pamene panali mutu, pamene nsonga za jombo zinaboola dothi, ndi mzere wa mkono umodzi wotambasulidwa kutsogolo. Kopolo anawerama n'kununkhiza. Linali fungo la matope a pansi pa nthaka, aja osaombedwa ndi dzuwa.

Anaganiza kuti ndi chidakwa china chimene chinalephera kufika kunyumba, ndipo anapitirira. Mutu wake unali ndi zina zolemera. Mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, anali atasowa.

Mlamuyo anali msilikali wamba, wofatsa, amene anzake ankamutcha Njiwa chifukwa sanakanganepo ndi munthu, komanso akagona tulo ankalira chakukhosi ngati mbalame ija. Anakhala zaka zingapo wopanda nyota ya udindo ngakhale imodzi. Mkazi wake ataima, Njiwa analowa maphunziro okwezedwa udindo, akumati mwana asadzabadwe n'kupeza bambo ake akutumidwa fodya ndi aliyense wodutsa. Maphunzirowo ankathera kuthengo la asilikali, kuseri kwa mapiri, ndi nkhondo yoyeserera ya masiku angapo. Anthu onse anabwerako, ena akutsimphina, ena nkhope zitatupa ndi udzudzu. Njiwa yekha sanabwere.

Nkhondo yoyeserera ili ndi mwambo wake umene munthu wakunja sangaumvetse msanga. Mfuti zimalira ndithu, koma zipolopolo zake n'zopanda mutu, choncho wopha anthu ndi woweruza, amene amayenda pakati pa magulu atakoleka thumba la tinsalu toyera. Akaona kuti wina wadzionetsa poyera mopusa, amamugwira paphewa, kumuuza kuti wafa, n'kumumanga kansalu pamkono. Wakufayo amagona chafufumimba pomwepo. Sadzuka, salankhula, sayankha, mpaka woweruza yemwe uja atabwera kudzamasula mfundoyo ndi manja ake. Ndipo aphunzitsi amayesa anthu mopanda chisoni. Amatuma mnzako wapamtima kudzakuitana ndi mawu odandaula, amafuula kuti nkhondo yatha, tiyeni kukadya, mwina amabweretsa ngakhale m'bale wako weniweni. Ukangoti ndili pano, walephera maphunziro, ndipo gulu lako lonse ligona panja likukutukwana. Akuluakulu ankati msilikali amene sangakhale chete atauzidwa kuti wafa, tsiku lina adzaphetsa anzake amoyo.

Woweruza wa gulu la Njiwa anali Sajeni wina wamanzere, chimunthu cha mawu ngati bingu, wotchuka pomanga mfundo zimene mwini wake yekha ankatha kumasula. Madzulo a tsiku lomaliza Sajeniyo anagwa m'njira ndi malungo aakulu, ndipo anamunyamula pamachira akubwebweta. Anali atamasula kale akufa onse amene anagona m'mbali mwa njirayo, choncho aliyense anati ntchito anaimaliza. Palibe amene anaona Njiwa akumangidwa, pakuti masana a tsikulo anamutuma yekha kutsogolo kukazonda.

Anamufunafuna masiku awiri, mzere wa asilikali ukupyola m'tchire, akufuula dzina lake. Kopolo anapempha kupita nawo, ndipo anaitana mpaka mawu anasasa. Wina anafunsa ngati mwina munthuyo anamangidwa, koma anzake anamuseka, n'kuti ndani angagone masiku awiri chifukwa cha kansalu. Atabwerako chimanjamanja, mphekesera zinayamba. Pampopi amayi ankanong'onezana kuti anamuona pamalo okwerera mabasi atavala zawamba. Ena ankati anali ndi mkazi wina kutali, ena ankati njiwa ikachuluka kufatsa imakhala kuti ikuwerenga njira youlukira. Kaputeni woyang'anira kampuyo anaitana Kopolo n'kumuuza mosabisa kuti mwezi ukatha munthuyo asanapezeke, adzatengedwa ngati wothawa usilikali, ndipo mkazi wa wothawa sakhala m'nyumba ya kampu.

Mlongo wa Kopolo anali atatopa kale, miyendo itatupa, akuyenda chogwira m'chiuno. Makolo awo anamwalira kalekale, kwawo kunalibe khomo loti angakagogode, ndipo Kopolo ankagona m'kachipinda kamodzi kumzere wa osakwatira. Madzulo aliwonse ankapita kukamuona. Ankamupeza ataphika za anthu awiri, mbale ina atavundikira bwinobwino. Mayiyo sankalira pamaso pa anthu. Ankangonena kuti munthu wothawa sasiya malaya ake abwino pachingwe, ndipo sauza mkazi wake kuti usanyamule ndowa, ndikabwera ndidzatunga ndine.

"Achimwene, inu munawaitana ndi pakamwa panu?" anafunsa tsiku lina.

Kopolo anayankha kuti anaitana, mobwerezabwereza.

"Ndiye kuti sanakumveni. Alamu anu sangakumveni inu n'kukhala chete."

M'mawa wotsatira malo onyowa aja anapezekanso, koma osati pabwalo la perete. Anali atasendera kupitirira mpopi, pakapinga ka pakati pa mizere ya nyumba, mkono uja utaloza kumtunda kumene kunali nyumba za masajeni. Tsiku lachitatu anapezeka pafupi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Anthu anayamba kuima n'kumayang'ana. Kukantini wina anati chidakwa chimenechi n'chamwambo, chimagona mowongoka ngati chikudikira kuyenderedwa ndi akuluakulu, ndipo anthu anaseka. Koma amayi anasiya kuyanika zovala kumeneko, ndipo ana ankalowetsedwa m'nyumba dzuwa lisanalowe.

Amene anathetsa kuseka anali msilikali wachikulire wolondera usiku, amene onse ankamutcha Mdala. Anabwera kunyumba yosungiramo katundu ngati wofuna mabatire a tochi, anadikira kuti ena atuluke, n'kukankha chitseko ndi phazi. Analankhula motsitsa, maso ali pakhomo. Anati akuzungulira kumizere ya nyumba anamva munthu akupuma. Sikunali kupuma kwa wogona tulo kapena kwa woledzera, koma kwa munthu amene watsekedwa pakamwa ndi nsalu, mpweya ukuvutikira m'mphuno. Atayang'ana, anaona munthu atagona pakapinga, wovala za kuthengo, nkhope ili pansi. Anamulamula kuti anene dzina lake monga mwa lamulo, kawiri, mfuti ataloza. Munthuyo sanagwedezeke. Atayatsa tochi, panalibe kanthu.

"Sindinafune kunena kwa Kaputeni, angati ndakalamba," anatero Mdala. "Koma Kopolo, pamkono pake panali choyera."

Kopolo anakhala pabokosi la jombo. Chimene chinamubwerera choyamba sichinali mantha ayi, chinali chiyembekezo. Anaganiza kuti mwina mlamu wake ali moyo, mutu unasokonekera ndi njala, ndipo akubwera usiku n'kumabisala masana. Munthu wozungulira mutu si wothawa. Akanangomugwira, nyumba ikanapulumuka, ndipo mwana akanabadwa bambo ake alipo, ngakhale odwala.

Usiku umenewo anavala chikhoti chake n'kukhala kuseri kwa thanki yamadzi, moyang'anana ndi nyumba za masajeni. Magetsi a m'nyumba anazima imodziimodzi. Wailesi ya wina inaimba motsitsa kwa kanthawi, kenako nayonso inaleka. Kunatsala kulira kwa nkhululu ndi kudontha kwa mpopi, ndiponso malata amene ankathetheka pozizira. Mwezi unali wochepa, wongokwanira kusiyanitsa denga ndi thambo. Kopolo anakhala mpaka mawondo anachita dzanzi, ndipo anali pafupi kudziseka yekha pamene nkhululu zonse zinasiya kulira nthawi imodzi, ngati wina wazitsekera chitseko.

Anamva kukhwekhwereza kwa chinthu cholemera pa udzu wouma. Kunkamveka pang'ono, kuleka, n'kumvekanso. Kenako kunabwera kupuma kuja, kothina, konyowa, pafupi kwambiri. Pamene maso ake anazolowera, anaona mthunzi wautali utagona pansi, mapazi ali kwa iye, mutu uli ku nyumba ya Sajeni wamanzere uja. Sanauone ukuyenda. Nthawi iliyonse akaphethira, unkakhala uli chigonere, koma utasendera.

"Alamu," ananong'ona. "Ndine. Alamu, dzukani tizipita kunyumba."

Kupuma kuja kunaima, monga amachitira munthu amene wamva ndipo akudzigwira. Kopolo anaitananso, n'kunena kuti mkazi wawo watsala pang'ono kuchira, kuti palibe amene awalange. Panalibe yankho. Anayatsa tochi. Kuwalako kunagwera pa udzu wonyowa wokhawokha, ndipo iye anaona ndi maso ake timapesi tina tikudzuka pang'onopang'ono, ngati cholemera changochokapo kumene.

Sanauze mlongo wake. M'mawa anapita kwa Sajeni, amene anali atatuluka m'chipatala masiku ochepa m'mbuyomo. Anamupeza atakhala pakhonde, atawonda moti kolala ya malaya inkazungulira khosi. Malungo anatha, koma panabuka china chimene dokotala wa pakampu sanachimvetse. Zala za Sajeni zinayamba kupindika zokha, kuyambira dzanja lamanzere, mpaka manja onse awiri anafumbata ngati a khanda. Sankatha kugwira kapu. Mkazi wake anali atagwada akumumanga zingwe za jombo, ndipo ataona Kopolo analowa m'nyumba mwamanyazi.

Kopolo anapereka ulemu, kenako anafunsa mosazungulira ngati Sajeni anakumana ndi Njiwa masana a tsiku lomaliza. Sajeni anayang'ana manja ake nthawi yaitali. Anati funso limenelo wakhala akudzifunsa yekha. Tsiku limenelo mutu unali ukuyaka kuyambira m'mawa, ndipo zambiri zinafufutika. Ankakumbukira mtengo wina wong'ambika pakati, udzu wautali, ndi dzanja lake lili paphewa la munthu, koma nkhope ya munthuyo sinkabwera. Mwina zinachitika, mwina anazilota kuchipatala. Kenako anatsitsa mawu.

"Umamumva nawenso usiku?"

Kopolo anavomera ndi mutu.

"Ine ndinayamba kumumva ndili kuchipatala," anatero Sajeni. "Kumeneko anali kutali."

Nkhani inafika kwa Kaputeni, ndipo iye anapsa mtima. Anati awa ndi masewera a anzake a Njiwa, akufuna kuopseza Sajeni ndi kuchedwetsa chigamulo, ndipo anyamata a masiku ano amaonera mafilimu ambiri. Analamula kuti gulu lonse limene linapita kuthengo ligone m'holo imodzi, chitseko chokhoma, alonda awiri pakhomo. Thumba la tinsalu toyera analitenga n'kulitsekera mu ofesi yake. Anauzanso Kopolo kuti akamupezanso akuyendayenda usiku amutsekera, ndipo anamukumbutsa kuti mwezi watsala masiku owerengeka, ayambe kufunira mlongo wake kokhala.

Kutacha, anthu anasonkhana pa nyumba ya Sajeni. Simenti ya pakhonde inali yonyowa m'maonekedwe a munthu, matope akuda atadinda mawondo ndi chifuwa, ndipo kumapeto kwa mzere wa mkono, patsinde penipeni pa chitseko, panadinda zala zinayi. Mayi wina anafunda kumaso ndi nsalu. Kaputeni anafika, anayang'ana, anapita yekha kukatsegula holo ija n'kupeza anthu onse alimo, jombo zawo zili zouma. Anangolamula kuti pakhondepo atsukepo, koma panalibe amene anapita kukatenga ndowa.

Usiku wotsatira, tambala asanalire, Kopolo anadzidzimuka ndi kugogoda. Anali mkazi wa Sajeni, wopanda nsapato, akulephera kulumikiza mawu. Anati bambo a kunyumba anadzuka, anakankha chitseko ndi chigongono, anayang'ana pansi n'kunena kuti tsogola, ndipo anatuluka. Kopolo anavala jombo osamanga, n'kuthamangira kuchipata chakumbuyo. Kumeneko anapeza Mdala ataima, chipata chili chotsegula, mfuti ikulendewera.

"Ndawatsegulira," anatero Mdala. "Sindikudziwa kuti ndatsegulira angati."

Kopolo ndi Mdala anamutsatira Sajeniyo. Sajeni ankayenda patsogolo pawo pang'onopang'ono, manja ofumbata ali pachifuwa, mutu woweramira pansi ngati munthu wotsatira mwana wokwawa. Nthawi zina ankaima n'kudikira. Akaima, m'udzu wa kutsogolo kwake munkamveka kukhwekhwereza kuja, kenako iye n'kuyambanso. Anadutsa malo ophunzirira kuwombera, anawoloka khwawa louma, anakwera phiri mdima ukuyamba kusungunuka. Palibe mbalame imene inalira. Mdala ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Kopolo sanayerekeze kuitana wina aliyense.

Kunja kutayera, anafika pamtengo waukulu wong'ambika pakati ndi mphenzi, ndipo Kopolo anaima chilili. Anaudziwa mtengowo. Tsiku lachiwiri la kufunafuna kuja anakhala pamuzu wake nthawi yaitali, anamwapo madzi, ndipo pamenepo ndi pamene anafuula kwambiri, akutchula mlamu wake, akutchula mlongo wake ndi mimba yake, akulumbira kuti nkhondo yatha. Sajeni analambalala mtengowo n'kulowa m'udzu wofika m'khosi. Anangoyenda pang'ono, n'kugwada. Kutsogolo kwake nthaka inali yotsegula pakamwa, dzenje lakale la okumba miyala, lopapatiza, udzu utaliphimba mbali zonse. Fungo la matope lija linkatuluka m'menemo, pamodzi ndi fungo lina.

Kopolo anaunika ndi tochi. Pansi, m'madzi osaya, munagona munthu chafufumimba, mwendo umodzi utapindikira kumene mwendo supindikira, mkono utatambasuka, kansalu kali pamkonopo. Kuchokera pamuzu pamene iye anakhala kufika padzenjepo, munthu akanatha kuponya chipewa.

Mdala anathamanga kukanena. Dzuwa litakwera kunabwera galimoto ndi Kaputeni, dokotala, ndi apolisi a usilikali atanyamula zingwe. Anamutulutsa mosamala n'kumugoneka pa lona. Dokotala anati zikuoneka kuti anamangidwa pafupi ndi mtengo, ndipo usiku, mwina pothawa linthumbu, anakwawa chobwerera m'mbuyo n'kugwera m'dzenjemo. Anati kugwako sikunamuphe. Mwendo anaumanga yekha ndi lamba, botolo lamadzi linali lopanda kanthu, ndipo munthuyo anakhala moyo usiku uwiri, kapena utatu. Kaputeni anafunsa, mawu atachepa, chifukwa chimene sanakuwe pamene anthu ankadutsa pamwamba pake. Dokotala anangotembenuza mtembowo.

M'kamwa mwa Njiwa munali chipewa chake chausilikali, chopindidwa, cholowetsedwa mpaka mkati, mano ataboola nsalu mbali zonse ziwiri. Palibe amene anamutseka pakamwa. Anadzitseka yekha, kuti ululu wa mwendo usamulize anthu akumuyesa.

Wapolisi wina anatembenuka n'kusanza m'udzu. Kaputeni anavula chipewa chake, anachiyang'ana, n'kuchibisa kumbuyo. Kopolo anakhala pansi pamene anaimapo. M'makutu mwake munkamveka mawu ake omwe akuti ndine mlamu wanu, yankhani, ndipo anaona mmene mawuwo anafikira pansi pa dzenje, kwa munthu amene ankafunira mwana wake nyota imodzi, ndipo ankadziwa bwino kuti aphunzitsi akafuna kukugwetsa amabweretsa m'bale wako.

Pamenepo Sajeni anakwawira pa lona paja. Anayesa kugwira mfundo ya kansalu, koma zala zofumbata sizinatseguke. Anaikanda ndi mfundo za zala, anaipana ndi zikhatho, ndipo italephereka anaweramira n'kuiluma ndi mano, akulira ngati ng'ombe. Mfundoyo inali itanyowa n'kuuma kambirimbiri, inalimba ngati mwala. Apolisi anamugwira m'mapewa n'kumukokera kumbuyo. Mkulu wawo anati kansaluko ndi umboni, kayenera kukafika kubwalo la milandu mfundo yake ili momwemo, kuti zidziwike amene anamanga.

"Ndisiyeni ndimumasule kaye," anatero Sajeni. "Bwana, ndikupempha. Ndimasule ndine."

Mdala naye anati amulole, sizitenga nthawi. Koma lamulo la umboni linali lomveka, ndipo aliyense pamalopo anali munthu womvera malamulo. Dokotala anatulutsa sizasi, anadula kansaluko kumbali, kutali ndi mfundo, n'kukaika m'kathumba ka pulasitiki. Sajeni anasiya kulimbana. Anayang'ana kathumbako mpaka anamukweza m'galimoto, ndipo kuyambira pamenepo sanalankhulenso. Mlandu sunachitike. Anamwalira kuchipatala chachikulu sabata isanathe, manja ali chifumbatire.

Njiwa anaikidwa mwaulemu wonse wausilikali, mbendera pabokosi, mfuti zikulira m'mwamba. Kaputeni analankhula kumanda kuti malemuwa anafera pa ntchito, sanathawe, ndipo anawapatsa nyota ija. Analengezanso kuti mkazi wawo akhalabe m'nyumba ya kampu mpaka mwana atakula. Amayi a pampopi, omwe aja anamuona pamalo okwerera mabasi, ndi amene analira kwambiri, ndipo anasinthana kugona kwa namfedwayo masiku a maliro. Koma maliro atatha anasiya kubwera onse tsiku limodzi, ndipo Kopolo akawafunsa ankayang'ana kumbali, n'kumati ana kunyumba akudwala.

Mwana anabadwa wamwamuna, wathanzi. Kopolo anaganiza kuti tsopano mtima ukhala pansi, pakuti chimene ankamenyera chinatheka. Madzulo ena anapita ndi sopo ndi shuga, n'kupeza mlongo wake atakoka mphasa kuchoka kuchipinda, ataiyala pabalaza pafupi ndi chitseko. Mwana anali kuyamwa. Mayiyo anali atawonda, m'maso muli mdima wa munthu wosagona, koma nkhope inali yodekha, yonga ya mkazi amene mwamuna wake wabwera ku ulendo. Anamulandira, anamufunsa za kuntchito, anamuthirira tiyi. Kunja kunkada. Kopolo anafunsa chifukwa chimene akugonera pansi pozizira ali ndi khanda.

Mlongo wake anati kuchipinda n'kutali, sawamva bwino. Anati bambo a mwanayo amafika anthu akazimitsa magetsi, ndipo amagona pakhomo mpaka m'bandakucha. Iye amawauza zonse, kuti mwana wafanana nawo mphumi, kuti nyota anapatsidwa, kuti nyumba sanalandidwe. Akamalankhula, kupuma kuja kumaima, ndiye amadziwa kuti akumva.

Kopolo anaika kapu pansi. Iye amene anayenda usiku, kukangana ndi Kaputeni ndi kukwera mapiri kuti mlongo wake asachoke m'nyumba imeneyi, anayamba kumuchonderera kuti achoke. Anati apempha tchuthi, apeza nyumba ya lendi kutali ndi kampu, agulitsa njinga yake, anyamuke mawa lomwe. Mayiyo anamvetsera mpaka anamaliza, akusisita mutu wa mwana.

"Munthu anadikira m'dzenje osalira, ine ndimuthawe pakhomo pake?" anatero. "Ayi achimwene. Ndikungofuna mundiuze chinthu chimodzi, inu mwakhalitsa m'ntchito imeneyi. Woweruza akamwalira, amamasula ndani?"

Kopolo anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu mwake zaka zonse zimene anakhala m'kampu, malamulo a perete, a mfuti, a maliro, a kuthengo, amene anaphunzitsidwa ndi amene anangomva kwa akale. Lamulo limenelo panalibe. Palibe amene analiganizirapo.

Nyumba yoyandikana nayo inazimitsa magetsi. Kopolo anaimirira kuti azipita, koma atagwira chitseko dzanja linakana, ndipo anaima pomwepo akumvetsera.

"Mukatuluka mulambalale kumanja, musawaponde," anatero mlongo wake, akusamutsira mwana kubere lina. "Ndipo musatseke chonse. Kunja kukuzizira."